Madzi a Tsiku la Maliro

Ndinadandaula koyamba m'kalata yopita ku komiti ya kalabu yathu Lolemba loyamba la mwezi wa Juni, chaka chimene tinakonza ngalande ya kumtunda. Kope la kalatayo ndili nalo, pamodzi ndi makope a zonse zimene zinatsatira.

Nditapuma ntchito ya uphunzitsi ndinadziphunzitsa kulemba mapulogalamu a pakompyuta m'chinenero cha Python. M'kalabu yathu ya alimi a mbatata ya kachewere kuno ku Tsangano tinkakangana za madzi: ngalande imodzi, madimba ambirimbiri. Ndiye ndinalemba kagawo ka pulogalamu kogawa masiku othirira. Kanali kochedwa, sindikana. Pa laputopu yathu ya sola unkati ukakayambitsa, n'kupita kukamangirira mbuzi kudambo, pobwera n'kupeza kasanamalize. Koma mawu ake ankawerengeka ngati kalata. Kukagwa maliro ndinkatsekula fayilo n'kusuntha tsiku la anamfedwa, chifukwa kuno munthu satsekula madzi mtembo uli m'mudzi.

Kenaka wapampando wa komiti anabwera ndi mkamwini wake wa ku Lilongwe, katswiri wa makompyuta. Iyeyo analembanso kagawoko m'chinenero cha C, n'kukasandutsa chinthu chimene amawerenga ndi makina okha. Atadina batani, masiku a mwezi wonse anatuluka ine ndisanavale n'komwe magalasi. Anthu anawomba m'manja.

"Mwaona, aphunzitsi?" anatero mkamwiniyo. "Mbuzi zanu zija zisowa wozimangirira."

"Ndaona, akamwini. Nanga maliro mwawaika pati?"

"Maliro salowa m'kompyuta."

"Mu yanga ija ankalowa."

Anaseka, madzulo ake n'kukwera minibasi.

Mwezi usanathe mlamu wanga anamwalira, ndipo tsiku loika maliro linali lomwelo la madzi a mlongo wanga, mkazi wake. Ndinatsekula fayilo yatsopano kuti ndisunthe tsikulo. Munalibe liwu limodzi loti munthu n'kuwerenga. Wotsekula madzi anati iye amatsata zimene makina asindikiza, basi. Madzi anadutsa dimba la namfedwa, ndipo kachewere wake anafota ali pamaluwa.

A komiti amati ndimadana ndi zatsopano. Ayi. Liwirolo ndalikonda. Chimene ndikukana n'kutsekeredwa kunja kwa ntchito imene ndinaiyamba ndine. Mawu a C amene mkamwiniyo analemba asanawasandutse anapita nawo ku Lilongwe. Awabweretse. C ameneyo ndimuphunzira. Python ndinamuphunzira imvi zili kale mbuu. Pakadali pano ndabwezeretsa kagawo kanga kochedwa kaja pa laputopu, ndipo sindikachotsa, ngakhale wapampando wasiya kundipatsa moni kutchalitchi.

Choncho ndikupempha komiti, mwaulemu, kuti indiyankhe polemba msonkhano wa mwezi uno usanachitike: mawu oyambirira a pulogalamuyo adzaperekedwa liti m'manja mwa kalabu, ndipo mlongo wanga adzabwezeredwa liti tsiku lake la madzi?