Kalata ya Galu pa Rodibuloko

Ndili m'basi yochokera ku Mzuzu, ndanyamula pamiyendo Tilipo, galu wa malemu achimwene. Ndikukamusiya kwa amayi ku Balaka, poti atsala okha pakhomo. Basi yaima pa rodibuloko, ndipo mukulowa wapolisi wamkazi atafunda ambulera m'basi momwemo.

"Bambo, kalata ya katemera wa chiwewe ili kuti? Nanga chilolezo choyendera galuyu?"

Ndikupisa m'thumba, mukutuluka masamba a chinangwa okhaokha. Kenaka kalata ija ndaipeza, koma chidindo chake chayamba kuyenda ngati nkhupakupa. Chadutsa pachala changa n'kukalowa pansi pa mpando.

"Chonde bwana, chinali pomwepa," ndikutero.

Wapolisi uja sakundiyang'ananso. Akuweramira galu mwaulemu: "Pepani akulu, munthuyu mukumudziwa? Anabayitsa?"

Tilipo akungoyang'ana pawindo.

Basi yanyamuka. Ine ndatsala pamsewu, nsapato ndilibe, unyolo uli m'khosi mwanga. Tilipo wakhala pampando wanga, akupita yekha, chonsecho kwa amayi sakudziwako. Ndikuthamangira basi kuti ndimukuwire dzina la mudzi wathu, koma dzinalo landithawa.

Ndadzidzimuka kutulo, thukuta lili kamukamu.