Kalata ya a Blackson Inafika

Aneba athu kuno ku Zingwangwa ndi kalaliki pa ofesi ina yopezera anthu ntchito m'tauni. Amavala tayi ngakhale Loweruka, ndipo aliyense wowadandaulira amamuyankha mofanana: "Fayilo yanu ikuyenda. Ino ndi demokalase, kukondera kunatha."

Mwezi watha a Blackson, amene anachotsedwa ku fakitale ali ndi ana asanu, anagula mandasi kwa akazi awo a bwanawa. Pepala lokulungira linali kalata yofunsira ulonda imene a Blackson anapereka ku ofesi ija, mafuta atanyowetsa siginecha.

Anapita nayo kwa bwanawa. "Achimwene, fayilo ikuyenda ija ndi imeneyi?"

Manyazi? Ngakhale pang'ono. Bwana anaiyang'ana modekha, n'kuwabwezera.

"Muziyamika, a Blackson. Yanuyi inafika. Za anzanu zimasochera m'njira."