Dzenje Limene Ndinakumba Pampopi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinaboola paipi ya madzi pa Mtakataka ndi msomali, ndipo kwa miyezi ingapo anthu ananditamanda chifukwa cha zimenezo. Zinali zaka zochepa chiyambire matipate, mipopi idakali yachilendo kwathu. Madzi ake ankachokera kumapiri a kumadzulo n'kutsika okha m'mapaipi apulasitiki okwiriridwa pansi, kudutsa kumsika, kufika kwathu, n'kupitirira kumunsi. Mpopi wathu unali pakamtunda, pafupi ndi mlambe, ndipo tinkatungapo nyumba zonse za mzere wathu.

Mpopi usanabwere tinkatunga kumtsinje, ndipo amayi ankawiritsa madzi akumwa tsiku ndi tsiku, kwinaku akudandaula za nkhuni. Utabwera, mphika wowiritsira uja unasanduka wophikira nyemba. Sikunali kusasamala ayi. Aphunzitsi anatiuza m'kalasi kuti madzi a pampopi ndi otetezedwa, ife tinakauza makolo athu, ndipo makolowo anakondwa kumva zimene ankafuna kumva. Ine ndiye ndinali mlaliki wake wamkulu. Ndikaona munthu akutunga pachitsime ndinkamumvera chisoni ngati wosabatizidwa.

Abambo anali telala pakhonde la sitolo ina, amayi ankagulitsa tomato kumsika. Ndikaweruka kusukulu ndinkadzera kumsikako kukatenga mlongo wanga Luka, mwana wa chaka ndi miyezi iwiri amene anali atangoyamba kuyenda chogwira zipupa. Kuyambira pamenepo mpaka madzulo Luka anali wanga. Phala lake, kusamba kwake ndi madzi ake akumwa, zonsezo zinkadutsa m'manja mwanga, ndipo ndinkanyadira kuti akagwa ankayamba kuitana ine, osati amayi.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuchigwa kuno litafika poti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa, mpopi wathu unayamba kudontha, kenaka unasiyiratu. Chowawa chinali chakuti a kumunsi ankatungabe. Madzi ankadutsa pansi pa mapazi athu, koma analibe mphamvu yokwera mpaka kukamwa kwa mpopi wa pakamtunda. Tinayamba kupita kumunsiko, kumene mzere wa zidebe unkakhota mpaka kuseri kwa nyumba, ndipo eni ake ankatiika kumapeto ngati alendo. Ndinkaima pamenepo Luka ali kumsana, thukuta lake ndi langa zikukumana m'nsalu, mpaka dzuwa kupendeka.

Tsiku lina ndinapeza amuna awiri a komiti ya madzi akukonza paipi yosweka m'mbali mwa msewu. Atakumba, madzi anatumphuka pansi pa dzenje ngakhale mpopi wa pomwepo unali wouma gwa. Ndinaima n'kuyang'anitsitsa, ndipo sindinafunse munthu. Loweruka lotsatira ndinatenga khasu n'kukumba mapazi anayi kumtunda kwa mpopi wathu, potsata pamene nthaka inkaoneka yotitimira. Dzenje litandifika m'ntchafu, khasu linagunda paipi yotuwa. Ndinafukula pansi pake kuti pazilowa kachidebe, ndinaika msomali waukulu pambaula mpaka unafiira, ndinaupana ndi timitengo tiwiri n'kuukankhira papaipi. Unalowa ngati m'dzungu lophika. Kunamveka fungo la pulasitiki wopserera, kenaka kamadzi kanatuluka, kowonda ngati chala cha mwana koma kosaleka. Ndinasema kamtengo n'kukakulunga ndi mphira ya chubu cha njinga kuti kakhale chotsekera.

Pofika madzulo amayi onse a mzere wathu anali pamenepo ndi ndowa zawo. A Nangozo, amene nyumba yawo inali chakumtunda kwa yathu, anandikweza dzanja m'mwamba ngati wopambana nkhonya.

"Amake Tereza, mwana uyu musam'kwatitse msanga," anawauza amayi. "Uyu ndi injiniya ameneyu!"

Dzinalo linandikakamira, ndipo ine ndinkayenda monyang'wa. Abambo okha ndiwo anasuzumira m'dzenjemo n'kupukusa mutu, akumwetulira.

"Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi," anatero.

Koma madzulo omwewo anasamba madzi a m'dzenje lomwelo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Mvula itayamba, mpopi unayambiranso kutulutsa madzi, ndipo dzenje lija tinaliiwala. Palibe amene analikwirira. Linadzaza madzi ofiira othamanga kuchokera kumtunda, kumene kunali khola la mbuzi ndi zimbudzi zingapo zimene zinkasefukira mvula ikachuluka. Pamwamba pake pankayandama timanyi ta mbuzi ndi mapepala. Amayi anali munthu waukhondo, wosalola ngakhale kapu kugona yosatsuka. Anandiitana n'kundiloza chala.

"Tereza, undimvetsetse. M'dzenje muja usatungemonso, ngakhale otsukira mbale. Madzi a mwana azichokera pampopi penipeni."

Ndinamvera, ndipo pa lamulo limeneli sindinaphonye ngakhale tsiku limodzi.

Nthawi ya dzinja madzi sankakhalitsa. Mchenga ndi masamba zinkadzaza kumene paipi inkayambira kumapiri, choncho a komiti ankatseka m'mawa kuti achotse, ndipo madzi ankabwerera masana. Akatsekedwa, mpopi unkachita chinthu chimene ana tinkachikonda kwambiri. Ukautsegula unkalira kuti fyooo, ndipo ukaika chikhatho pakamwa pake unkakuyamwa ngati mwana wa ng'ombe. Tinkasinthana kuikapo manja n'kumaseka. Madzi akabwerera, oyamba ankatuluka otuwirapo. Tinkawasiya atayike kanthawi, akayera n'kutchera ndowa.

Luka anayamba kutsegula m'mimba Lachitatu lina m'mwezi wa Januwale. Amayi anati ndi mano, poti analidi akumera. Mawa lake anayamba kusanza. Lachisanu m'mawa liwombo linali litalowa, maso atalowa, ndipo akalira misozi sinkatuluka. Abambo sanapite kumakina. Anakweza amayi ndi mwana panjinga kupita kuchipatala ku Mua, ine n'kundisiya kwa a Nangozo. Kuchipatalako anamuika diripi, ndipo amayi mpaka lero amati anamwino anayesetsa.

Loweruka masana ndinaona abambo akubwera wapansi, akukankha njinga. Amayi anali pambuyo, mwana ali kumsana, atam'funditsa nsalu mpaka kumutu ngakhale kunali kotentha. Njira yonse sanalire, monga amachitira mayi wobereka mwana womwalira pakati pa anthu osawadziwa. Anayamba kulira atafika pamlambe paja. Tinam'goneka Luka tsiku lotsatira.

Patapita sabata kunabwera a Chisale, mlangizi wa zaumoyo, bambo wamfupi wosadziwa kufulumira. Ana otsegula m'mimba anali ambiri, ndipo iwo anaona chinthu chimene ife sitinachione: onse ankamwa pampopi wathu kapena pamipopi ya kumunsi, pamene kumtunda kunalibe wodwala. Anasiya njinga yawo kumsika n'kuyamba kutsata paipi wapansi, maso ali pansi ngati ataya singano. Atafika padzenje anaima. Anapinda malaya, analowetsa dzanja m'madzi onyansawo mpaka m'phewa, anafufuza, kenaka analitulutsa. Kamtengo kanga kotsekera munalibemo. Kaya kanavunda, kaya ana anakazula, sindidziwa.

Anthu anali atasonkhana kale. Unali m'mawa, madzi atatsekedwa.

"Amamwa muno ndani?" anafunsa a Chisale.

"Palibe, bambo," anayankha a Nangozo. "Ife si nkhumba. Timamwa pampopi."

"Chabwino, mayi. Nanga madzi amabwera nthawi yanji?"

"Masana."

Anatulutsa m'chikwama botolo la jivi, mankhwala aja timapaka pazilonda, anathira lonse m'dzenjemo n'kuvundula ndi ndodo. Kenaka anatsegula mpopi. Unalira kuti fyooo monga mwa masiku onse, ndipo pamwamba pa madzi a m'dzenje tinaona zinyalala zikuyamba kuzungulira pang'onopang'ono pamalo amodzi.

"Asachoke munthu," anatero, n'kukakhala pamuzu wa mlambe.

Tinadikira. Amayi sanabwere pagulupo. Anakhala pakhonde pathu, mpango wamaliro uli kumutu, koma pakhondepo ndi pampopi panali pafupi ndipo zonse ankaziona. Dzuwa litafika pamutu mpopi unatsokomola kawiri n'kulavula madzi amtundu wa jivi, ofanana ndi a m'dzenje aja. A Chisale anadzaza botolo lagalasi n'kuliika pasimenti. Anadikira mpaka madzi anayera, anadzaza botolo lachiwiri, analikweza m'mwamba kuti dzuwa liwalemo.

"Awa ndi amene inu mumati ayera," anatero. "Jivi ndimamuona, ndiye ndikudziwa kuti watha. Zochokera m'chimbudzi sizioneka. Alipo akufuna kumwa?"

Palibe anatambasula dzanja.

"Paipi ikakhala yopanda madzi imayamwa. Mmene imayamwira manja a ana anu pampopipa ndi mmene imayamwiranso pabowo lili pansipo. M'dzenje simumwamo, ndavomera. Koma dzenje limabwera lokha kudzakupezani pampopi. Tsopano ndifunse, anaboola ndani?"

Aliyense ankadziwa. Dzina la injiniya linali litamveka mpaka kumsika. Ndinaona amayi angapo akuyang'ana pansi, ena akundiyang'ana cham'mbali. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chimene chinapha Luka. Ndinafuna kuvomera kuti ndine. Ndisanatero, amayi anga ananyamuka pakhonde n'kubwera, akuyenda pang'onopang'ono.

"Tinaboola tonse, a zaumoyo," anatero. "Aliyense ali pano anatungamo, ndipo mvula itabwera palibe anatenga khasu kuti akwirire. Ngati mukulemba, lembani choncho."

A Nangozo anawerama. "Akunena zoona amake Tereza."

A Chisale anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinadziwa kuti adziwa. Kenaka anatembenuka n'kunena kuti, "Bweretsani makasu."

Tsiku lomwelo a komiti anadula chidutswa chobooka n'kulumikiza china, ndipo dzenje tinalikwirira. Mphika uja unasiya nyemba n'kubwerera pa ntchito yake yakale. Palibe amene ananditchulanso injiniya, ndipo abambo sanabwerezenso mwambi wawo. Ndinkalakalaka wina atandimenya, kuti mwina zingandipepukire, koma palibe anandikhudza. Mawa lake m'mawa amayi anandipatsa ndowa monga mwa masiku onse n'kunena kuti ndifulumire madzi asanatsekedwe. Ndinalira njira yonse yopita pampopi, ngakhale inali yaifupi.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti amayi ananama pofuna kunditeteza. Tsopano ndili ndi ana anga, ndikuona kuti sananame. Msomali ndinaugwira ndine, zimenezo sindikana ndipo sindidzakana. Koma mwana wa zaka khumi ndi ziwiri sadziwa kuti paipi imayamwa, ndipo akuluakulu amene anandiwombera m'manja nawonso sankadziwa. Anatibweretsera mipopi n'kutiuza kuti madzi ake ndi abwino, koma palibe anatiuza kuti ubwino wakewo umadalira paipi yonse, kuyambira kumapiri mpaka pandowa, ndi kuti ukaboola pako waboolera aliyense wa kumunsi kwako. Ife sitinali anthu auve. Tinkasamala kwambiri, koma tinkayang'anira pakamwa pa mpopi, pamene vuto linali pansi pa nthaka.

Lero ndimakhala m'tauni, ndipo mpopi uli m'nyumba momwe. Madzi akasiya n'kubwereranso, akumwa ndimawiritsa, ngakhale ana anga amandiseka kuti ndine wachikale. Ndikaona paipi ikudontha m'mbali mwa msewu, kapena itadutsa m'ngalande, ndimakanena kwa oyenera mpaka amatopa nane. Ana anga amadziwa kuti anali ndi malume awo amene anamwalira ali khanda, koma pali chimene sindinawauzepo.

Masiku awiri aja Luka akutsegula m'mimba, amayi anandiphunzitsa kupanga madzi a mchere ndi shuga monga anawaphunzitsira kusikelo, ndipo anandiuza kuti ndizimumwetsa pafupipafupi kuti asaume. Ndinkathamangira pampopi kukatunga atsopano nthawi iliyonse, poganiza kuti ogonera sangam'thandize. Ndinkamukhazika pamiyendo panga n'kumamumwetsa ndi supuni. Akakana ndinkamunyengerera, ndipo chifukwa ndinali ine, ankatsegula pakamwa.