Dziwe la kumunsi kwa Chawama

Kampani yathu itagulitsidwa, ndinatsala ndi nthawi yambiri ndi sutikesi ya mapepala. Ine sinditaya kanthu. Komabe m'sutikesimo munalibe pepala lonena za dziwe lomwe linali kumunsi kwa Chawama, pamene lero pali nyumba zokhazokha. Mpamene ndinaonera malemu mkazi wanga koyamba, akuchapa, madzi ali m'mawondo, mitambo ikuyandama momuzungulira. Ndinkaopa kuti ndikadzafa, dziwelo lidzafa nane.

Zaka zitapitapo, mwana wa mlongo wanga anatsegula kachipinda ka intaneti pafupi ndi msika. Ndinamufunsa pamene ndingalembe za dziwelo pa intanetipo.

"Ba malume, bulogu ni nyumba yanu, mulemba mweka, kulibe wina," anatero. "Wiki ni chipupa cha pa mpopi, aliyense abwela na choko chake."

Ndinasankha wiki ya anthu a m'makomboni athu. Ndinalemba ndi chala chimodzi za achule, za bango, za nkhungu ya m'mawa yomwe inkagona pamadzi. Posakhalitsa wina anafufuta zonse, ati palibe umboni. Umboni! Kuuza ine, amene ndimasunga ndi lisiti la wailesi yomwe inafa kalekale!

Ndinasamukira ku bulogu ndili wokwiya. Kumeneko palibe anakhudza ngakhale chilembo. Palibenso anabwera. Ndinkatsegula, ndikuwerenga ndekha, ngati munthu wosesa pabwalo alendo osafika.

Tsiku lina mwanayo anandikodola ndikudutsa.

"Ba malume, bwelani muone, dziwe yanu yauka!"

Pa wiki paja munthu wosadziwika anali atabwezeretsa mawu anga. Wina anawonjezera kuti ankasambiramo pothawa sukulu. Winanso analemba kuti pamadzipo pankaphuka maluwa oyera.

"Bodza!" ndinakuwa. "Anali a buluu!"

"Sinthani kansi, ni wiki. Olo chala chalema?"

Ndinaika chala pa batani. Fani inkazungulira pang'onopang'ono, ndipo ndinamva fungo la matope lija, ngati dziwe lalowa m'chipindamo. Kwinakwake, kaya ku Matero kaya kutsidya kwa nyanja, kunali munthu amene anaimapo m'madzi omwewo. Ndinachotsa chala.

Mpaka lero palembedwa kuti oyera, ndipo zimandiwawabe. Koma mwina kutsidya linalo analidi oyera. Ine ndinkangoyang'ana mbali imodzi, kumene mkazi wanga ankachapira.