Makina a Juga Si Chipereganyu

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo musandifunse chifukwa. Ndinayamba kabaza pa Njuli, njinga yobwereka. Mnzanga weniweni anali mmodzi, wakabaza ngati ine. Tinkadyera tchipisi mbale imodzi, pampu n'kumabwerekana.

Makina a juga atafika m'sitolo ya pafupi ndi siteji yathu, anyamata anawatenga ngati chipereganyu: aliyense aziponyamo, tsiku lako likakwana udzatapa. Ankati ukawadyetsa kwambiri amakhuta, ndipo akasanza, zotulukazo ndi zako.

Tsiku lina mnzangayo anawadyetsa m'mawa wonse. Kenako kunabwera mayi wofuna kupita ku Mauwa.

"Aise, undisungire malo," anatero mnzangayo, akunyamuka kukawatula. "Akhuta awa."

Ndinakhala pampandopo. Ine kudikira kumanditopetsa. Ndinaponyamo kobili langa limodzi n'kudina. Zithunzi zitatu za zipatso zinafanana, makobili n'kukhuthukira mpaka pansi.

Mnzanga uja anabwerako thukuta lili kamukamu, atamva kale.

"Wadya gawo langa."

"Tigawane pakati."

"Pakati pa chiyani? Nkhuku ndiwete ine, mazira utole iwe?"

Zonse sindikanamupatsa. Pa siteji onse anakhala mbali yake. Ndikangofika, macheza ankatha.

Pali bambo ena amene amabwera kudzatsegula makinawo. Ndinawafunsa mosapsatira kuti ndalama zija zinali za yani.

"Za amene anadina," anatero, akukokolera makobili m'thumba. "Awa sakumbukira munthu, achimwene. Kudina kulikonse n'kwatsopano. Sakhuta, samva njala. Anawatchera kuti zotuluka zizichepa kuposa zolowa. Kupanda apo, ine ndikanamabwera ndi thumba?"

Ndinapita kukamuuza mnzanga uja. Ndinamupeza pampando womwewo.

"Ndiye wabwera kudzandiphunzitsa, iwe wa Fomu 2?"

Sanacheuke n'komwe.

Mpaka lero sitiyankhulana. Ine ndimasewerabe mwa apo ndi apo, koma ndi ndalama ya ulendo umodzi basi, imene mumtima ndatsanzikana nayo kale. Ikatha ndimanyamuka, kaya wina akuti akhuta. Ya mwini njinga siyandikira pamenepo.

Iye njinga anamulanda eni ake. Ndikamadutsa ndimamuona pakhomo la sitolo, akuyang'anira amene akuponya, kudikira tsiku lake. Akandiona amayang'ana kumbali.

Pampu ndinagula yanga. Koma mbale ya tchipisi imandikulira, ndipo wotsalayo ndimangomusiya pa chiwaya pomwepo.