Lachitatu la a Kamwendo

Tinanyamuka pa Mponela Lachitatu lina la mwezi wa Juni, 6 koloko m'mawa, ine ndi mlongo wanga Esitere. Iye anali m'chaka chomaliza cha maphunziro a zamalonda ku koleji. Ine koleji yomweyo ndinali nditaisiya mwaulemu zaka zitatu m'mbuyomo, nditafika pa tsamba lachiwiri la pulopozo yanga ya kafukufuku. Choncho pa ulendowu ndinadzisankha kukhala mlangizi wamkulu, popanda wopikisana naye.

Pofika Lolemba Esitere ankayenera kupereka pulopozo yake, yofufuza ngati khalidwe la bwana limathandiza antchito kutulukira nzeru zatsopano. Pankafunikanso kalata ya bwana wovomera kuti kafukufukuyo achitikire pamalo pake. Popanda kalatayo akanabwereza chaka, ndipo kwathu wobwereza chaka amathera pamene ndinathera ine. Mabwana anayi anali atakana kale. Masiku amenewo munthu akaona mawu oti "utsogoleri" pa pepala, ankayamba wasuzumira pazenera. Amalume ndiwo anatiuza za a Kamwendo, okhoma ngolo kumapiri a ku Ntchisi.

Basi ya tsikulo inali isanabwere chiyambire dzulo lake. Tinakwera lole yokatenga fodya, 80 tambala aliyense, n'kukhala pa mulu wa ziguduli. Titangodutsa midzi iwiri, nkhungu inatimeza. Mapiri a Dowa ankayandama ngati alibe matsinde. Mitengo ya bulugamu inkatulukira umodziumodzi, kutiyang'ana, n'kubwerera kumene inachokera. Bambo wina wa panjinga anadutsa atanyamula chitseko, ndipo kwa kanthawi ndinkaganiza kuti tikachitsegula tifika msanga. M'menemo ndinkamuwerengera Esitere mafunso makumi awiri amene ndinamulembera oti akafunse antchito. Iye ankangoti, "Ndamva, achimwene."

Cha m'ma 8 koloko tinaima pa kamsika kena, pamene achinyamata a chipani anamanga chingwe pamsewu. Tinaonetsa makhadi a chipani. Mmodzi analoza chikwama changa.

"Mapepala a chiyani awa?"

"A sukulu," anatero Esitere.

"Akuluwanso ali pa sukulu?"

"Amaiperekeza," anayankha mlongo wanga. Chingwe chinatsika. Tinagula zitumbuwa ndi thobwa, ine ndikudya ngati munthu wolakwiridwa.

Lole inatitsitsa pamphambano cha m'ma 10, ndipo tinayenda theka la ola m'kanjira kofiira. Malo a a Kamwendo anali chisakasa chaudzu, matabwa, matayala akale ndi amuna atatu. Wamkulu wawo, a Gelesomu, anatilandira ndi manja awiri.

"Bwana Lachitatu sapezeka. Ali kuphiri uko."

Sindinafune kutaya nthawi ya sayansi. Ndinatulutsa mapepala ndi cholembera, n'kutsokomola.

"Funso loyamba. Kodi bwana wanu amamvera maganizo anu?"

"Zonse zili bwino," anatero a Gelesomu, maso ali pa cholembera.

"Lachiwiri. N'chiyani chimene mukanasintha pa ntchito pano?"

"Zonse zili bwino. Kodi maina mulembanso?"

Pofika funso lachisanu, awiri enawo anali atakumbukira ntchito kuseri kwa chisakasa. Esitere anandigwira pachigongono.

"Achimwene, pitani mukawaitane a Kamwendo. Mapepalawo tengani, angakusoweni."

Ndinakwera phirilo mpaka nkhungu inatsala kumapazi. Pamwamba panali dzuwa, thanthwe lalikulu, ndi mkulu wovala chikhoti akuotcha mbatata. Ndinafotokoza za ulendo wathu, n'kuwafunsa chimene amathawira ntchito yawo yomwe.

"Maso anga ndi olemera, mwana wanga," anatero a Kamwendo. "Ndikaima pamenepo, aliyense amakhoma monga ndinamuphunzitsira. Chaka china malungo anandigoneka sabata yathunthu. Nditadzuka ndinapeza Gelesomu wapanga buleki ya ngolo ndi mphira wa tayala, yoti ng'ombe zisamakankhidwe ndi katundu potsetsereka. Anali nayo m'mutu zaka zambiri, koma ankaopa kuti ndiziona ngati mwano. Ndiye masiku ano ndimadwala Lachitatu lililonse."

"Zamveka. Tiyeni titsike mukasaine."

"Khalani pansi, idyani mbatata. Mlongo wanu nayenso lero ndi Lachitatu lake."

Ndinakhala. Moto unkafuna kuzima, ndipo mafunso oyambirira khumi anathandiza kuukoleza. Pansi pathu dziko lonse linali loyera, nsonga za mapiri zitatulukira ngati misana ya ng'ombe zogona. Kuchokera mkati mwa nkhunguyo munkamveka nyundo, kenako bata, kenako kuseka kwa amuna atatu ndi mkazi mmodzi. Ndinawodzera, n'kulota ndikuvala mkanjo wa omaliza maphunziro wosokedwa ndi ziguduli.

Tinatsika 3 koloko. Tinapeza Esitere atakhala pa tayala, kope lake litadzaza zojambula: buleki ija, chitseko cha ngolo chotsegulira m'mbali, mpando wa woyendetsa wokhala ndi masipuling'i a njinga. Sanafunse munthu za bwana wake. Ankangoloza chinthu n'kufunsa kuti chinapangidwa bwanji, tsiku lanji. A Gelesomu ankachita kulimbirana mawu ndi anzawo.

Esitere anatiwerengera pulopozo yatsopano. Adzabwera Lachitatu ndi Lachinayi kwa masabata asanu ndi limodzi, kudzaona zimene zimabadwa bwana kulibe ndi zimene bwana amachita nazo akabwerako. Dzina la munthu silidzalembedwa.

"Lachinayi n'lofunika," anatero a Kamwendo. "Ukabwera n'kudzudzula, Lachitatu lotsatira palibe adzakhudze kanthu."

Anasaina kalata ija atatsamira ngolo, n'kudindapo chidindo chosemedwa pa mphira wa tayala. Nachonso chinali cha Lachitatu.

Lole yathu inabwera itadzaza fodya, ndipo tinakhala pamwamba penipeni, mafunso khumi otsala atakulunga mbatata zopita kwa amayi. Tinafika pa Mponela kunja kutada. Lolemba pulopozo inalandiridwa, ndipo Esitere sanabwereze chaka.

Chiyambire tsikulo, munthu akati akufuna nzeru zanga, ndimamufunira zabwino n'kupita kuphiri. Pa maphunziro onse a zamalonda, ndi phunziro lokhalo limene ndinakhoza.