Ndiwo Zopanda Mchere za a Elena

A Elena ndimagulitsa nawo kachewere pa Chimbiya, ndipo mayi aja ndawaona akutha ngati sopo.

Chaka cha 1999 amuna awo, a Bonifasio, anayamba kutupa miyendo, kupuma wefuwefu, chakudya osachifuna n'komwe. Munthu amene ankamaliza yekha mbale ya nyemba! Kuchipatala anati ndi mtima. Dokotala anafotokoza kuti m'mimba muli kanthu kamene kamaitana njala, koma mtima ukafooka chonchi, kuitanako thupi silikumvanso. Mankhwala othandiza kanthuko, akuti, akatswiri akadafufuza. Anangopereka mapiritsi okodzetsa ndi lamulo limodzi: mchere ayi, apo ayi madzi adzaza m'chifuwa.

Apa ndiye panagona nkhani. Kwathu kuno mwamuna akatupa miyendo timati ndi tsempho, ndipo mkazi akaleka kuthira mchere m'ndiwo, ndiye kuti akudziwa zimene wachita kuseri. A Elena anasankha moyo wa amuna awo, mbiri yawo n'kuisiya kuti agalu aikokere kumene afuna. Kuchitsime anthu ankayamba kukhosomola iwo akafika. Ine ndemwe ndinatukanapo awiri, koma pakamwa pa anthu ungatseke?

Miyezi isanu anaphika zozizira, a Bonifasio n'kumangolawa kamodzi, basi kukankha mbale. Ankawanyengerera ngati khanda, m'mawa n'kudzakhala pamsewu maso ali psuu, kuthamangira minibasi iliyonse.

Kenaka kunabwera alongo awo a bambowo, a Jestina, kuchokera ku Mayani.

"Mlamu, dzanja lanu likuopa chiyani mchere?" anafunsa a Jestina.

A Elena anatulutsa kapepala ka kuchipatala. A Jestina sanakayang'ane n'komwe.

Loweruka a Elena pochokera kumsika anapeza amuna awo pakhonde, akudya nyemba zimene a Jestina anathira mchere ndi dzanja lawo. Mbale yachiwiri! Sabata yonse zinali choncho, ndipo Lamlungu linalo tinaika maliro. Kumanda anthu ankanong'onezana kuti mlongo anabwera mochedwa, tsempho linali litalowerera kale.

Ndinapsa mtima. Tsiku lina pamsewu ndinawafunsa a Elena kuti, "Nanga inu osalanda mbaleyo bwanji?"

A Elena anapitiriza kuunjika kachewere m'ndowa.

"Anzanga, ndatopa," anatero. "Miyezi isanu ndikuwapempha kuti adye. Tsiku lija ankanyambita zala, n'kundiyang'ana akuseka. Inuyo mukadalanda?"